Mpanda wa pa windo la atelala

Ndine mmisiri womanga nyumba. Mwezi watha bwana wina wogulitsa matayala anandipatsa ntchito yomanga mpanda wa njerwa kuzungulira puloti yake. Nditakoka chingwe mbali ya kumadzulo, ndinaona kuti chikudutsa pamphuno penipeni pa windo la nyumba yoyandikana nayo, mpata wake wosakwana mkono. Mkatimo munali mayi achikulire, atelala, atawerama pa makina awo. Chipindacho windo lake linali lomwelo basi.

"Bwana, tikamanga apa mayiwa azisoka mumdima," ndinatero. "Bwanji pano pokha khoma likhale lalifupi?"

Iye anasolola pepala la zidindo zitatu n'kuliyala pa wilibala. "Werengani, amisiri. Malire ndi awa, ndipo lamulo likundilola mamita atatu kupita m'mwamba."

"Lamulo likulola, inde. Nanga mtima wanu?"

"Ndakuitanirani njerwa, osati ulaliki."

Atelala aja anasuzumira pa windo. Sanakalipe. "Achimwene, ku ofesi ya mapulani ndinapitako, anandiuza kuti simunalakwe kanthu. Ndikungopempha kadzuwa ka m'mawa. Maso angawa saona bowo la singano ndi magetsi."

"Gulani babu lalikulu, mayi," anayankha bwanayo, maso ali pa foni.

Ndinadula chingwe chija ndi mpeni womangira, n'kuponya levulo yoyezera khoma m'thumba.

"Zikumangireni zidindo zanuzo! Inu muli ndi ufulu wotsekera munthu dzuwa, nanenso ndili ndi ufulu wokana kukhala manja anu."

Anangoseka. "Amisiri ndi ambiri ngati mchenga."

Sananame. Patapita masiku awiri ndinadutsa pomwepo, n'kupeza khoma lafika m'chiuno. Woyala njerwa anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, munthu amene ndinam'phunzitsa ndekha kugwira levulo.

"Alamu, manyazi mulibe?" ndinakuwa ndili pamsewu.

"Ndikumanga, alamu, koma palibe wapolisi angandimange," anayankha, n'kupaka matope pa njerwa ina. "Ana anga sadya chisoni."

"Wakuba amayamba wayang'ana uku ndi uku. Inu mukuba dzuwa masanasana, mukuimba ndi mluzu womwe!"

Anthu anaima kumvetsera. Ena anagwedeza mitu n'kupitiriza ulendo wawo. Akanatinji? Pepala linali pomwepo, mwala utalipsinja kuti lisauluke.

Loweruka ndinapita kwa atelala ndi hamala ndi tchizulo, n'kuwaboolera windo lina kumbuyo. Layang'ana ku chimbudzi cha eni nyumbayo, ndipo kuwala kumalowa mwaumbombo. Anandithokoza mpaka kugwada, zimene zinandipsetsa mtima koposa.

Kunyumba mkazi wanga akuti ndikapepese kwa achimwene ake chifukwa ndinawanyoza pagulu. Ndamuuza kuti ndipita tsiku limene adzandiuze chimene ndinanama. Ino ndi sabata yachitatu, mbale amangondiikira patebulo osayankhula.