Kaputeni Wakana Mbale

Kunyumba kwathu kuli azimayi awiri amene salankhulana. Oyamba ndi azakhali, achemwali awo a adadi, amene anabwera kudzakhala nafe banja lawo litatha. Achiwiri ndi amayi ondipeza, amene ine ndimangowatchula kuti anti chifukwa pakamwa panga pamakana kunena kuti amayi. Akafuna kuuzana kanthu amatuma ine, ngakhale onse ali m'khitchini momwemo misana ikugundana. "Iwe, kawauze alamu angawo kuti poto ameneyo sindinagulire iwo." Ine ndimatembenuka, n'kunena, n'kuthirako kamchere pang'ono kuti zikome. N'chifukwa chake onse amanditcha Wailesi. Ine sindidandaula nazo.

Pakhomo pathu panalinso galu, wa achimwene. Dzina lake Kaputeni, wofiirira, khutu lina loimirira lina logona. Achimwene atapeza ntchito yoyendetsa malole kutali, anandigwira paphewa pageti n'kunena kuti, "Galu uyu ndasiyira iwe, osati wina aliyense. Ndikadzabwera ndidzamupeze." Anandionetsa thumba la chakudya cha agalu, timibulu touma tija tonunkha ngati nsapato yonyowa, ndi kapu yobiriwira yothyoka chogwirira. Kapu imodzi m'mawa, kapu imodzi madzulo, osasefukira. Basi. Kaputeni ankadya mpaka kumakankha mbale ndi lilime kuzungulira khonde lonse.

Zinayamba kuvuta nditayamba kupita kusukulu m'mamawa kwambiri n'kumabwera mochedwa chifukwa cha makalasi owonjezera. Adadi, amene amagwira ntchito yokonza magetsi m'nyumba za anthu, anati galu asavutike. Azakhali azimupatsa m'mawa, anti madzulo. Iwo ankaganiza kuti akuyanjanitsa anthu. Koma adadi inu! Mawaya amawadziwa, azimayi ayi.

Tsiku lina madzulo anti anaika mbale pakhonde. Kaputeni anabwera, n'kununkhiza, n'kuwayang'ana, kenaka n'kukagona pansi pa mpando. Mawa lake chimodzimodzi. Azakhali anali pomwepo akupesa tsitsi.

"Wailesi, kawauze kuti galu amadziwa dzanja. Munthu ungamupusitse ndi mafuta onunkhira, galu ayi."

Ndinakanena. Anti anangomenyetsa chitseko cha firiji mpaka mabotolo kulira.

Ine mtima sunakhale m'malo, ndimati galu wadwala. Ndinamutsegula kukamwa, ndinamugwira pamphuno, bwinobwino. Loweruka ndi pamene ndinaona. Ndikuyanika yunifolomu kuseri, ndinamva azakhali akunong'ona kuseri kwa thanki ya madzi, "Idya mwana wanga, idya msanga." Ndinasuzumira. Anali atanyamula kachitini ka majarini kodzaza zikopa za nkhuku zokazinga, Kaputeni akumeza osatafuna. Nthawi yake? Kutangotsala pang'ono kuti anti aike mbale yawo.

Tsono inuyo, nkhani ngati imeneyi mungaisunge m'mimba? Ine inkandiwotcha. Ndinapita kwa anti n'kuwauza zonse, mpaka mtundu wa kachitini. Ndimayembekeza kuti kuyaka moto, koma anti anangoseka kamodzi, kuseka kopanda mano kuonekera. M'mawa mwake ndikudzuka ndinamva fungo la chiwindi. Anti ali ndi chopukutira kumutu, atanjuta pakhomo la khitchini, akudyetsa galu ndi foloko. Ndi foloko, ndikukuuzani! Azakhali atabwera ndi kapu yobiriwira ija, Kaputeni sanadzuke n'komwe, anangogwedeza mchira kamodzi ngati bwana wopatsa moni wantchito.

"Wailesi," anatero anti, "kawauze alamu kuti dzanja lawo nalo laola."

Kuyambira pamenepo inali nkhondo. Azakhali akabweretsa soseji, anti amakazinga mazira. Anti akathira msuzi wa nyama pampunga, azakhali amapaka majarini pabuledi mbali zonse ziwiri. Aliyense ankafuna kuti galu akhute asanafike pambale ya mnzake. Kaputeni ananenepa mpaka khosi kusowa, lamba wa m'khosi kumira m'mafuta. Anayambanso matama. Chikopa cha nkhuku chikazizira samadya. Dzira lopanda mchere amalisiya. Pampunga amanyambita msuzi wokha n'kusiya mpungawo uli mbee. Akaphwisa pabalaza tonse timathawira panja. Ndipo mbale yake, m'mawa ndi madzulo, imangokhala yodzaza, nyerere zitapanga mseu kuchokera pageti.

Ndinawachonderera onse awiri, aliyense payekha. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ukangotsegula kukamwako kwa atate ako, ine ndiwauza za kamnyamata kokonza mafoni kaja. Ukuyesa sindimakuonani mukuimirira kuseri kwa shopu?" Anti nawo anati, "Foni ili m'manja mwakoyo anakugulira ndani? Yesera uone." Ndiye ndinatseka pakamwa, ine amene sinditseka.

Adadi anadziwa zoti galu sakudya tsiku limene anaponda mbale ija ndi sokosi, timibulu titanyowa ndi mvula, nyerere n'kuwakwera mpaka m'mawondo. Anavina pakhonde akutukwana.

"Galu wanji wokana chakudya pakhomo panga? Akufuna chiyani, ndimulembere wophika? Mwini galaja wakhala akundipempha galu wolondera. Ameneyu akapita kumeneko akaphunzira ulemu."

Galaja imeneyo ndimaidziwa, ndimadutsapo popita kusukulu. Agalu ake amakhala patcheni pakati pa magalimoto akufa, pansi pali oilo wakuda. Wina ali ndi chilonda pakhosi, ntchentche sizimusiya. Ndinagwada, zoona ndinagwada pasimenti yonyowa.

"Adadi, galuyu si wanu, ndi wa achimwene. Anasiyira ine."

"Ndiye umudyetse iweyo. Loweruka ndikamachokera kuntchito ndibwera ndi mwini galaja. Ndimuone ndi maso angawa akudya m'mbale mwakemo. Akakana, akukwera galimoto."

Ndinaganiza usiku wonse. Galu wanjala sasankha. Lachisanu madzulo ndinamukokera kuchipinda kwanga, ndinamuikira madzi okha m'beseni, n'kukiya chitseko, kiyi m'thumba la siketi. Loweruka m'mawa anayamba kulira, kukanda chitseko, kundiyang'ana ndi maso aja ngati ndamuphera mwana. Ine ndinati, "Lira, bwanawe. Bola ulire muno kusiyana n'kukalira patcheni." Nanenso sindinadye, kuopa kumusiya yekha.

Azakhali anagogoda. "Tsegula iwe, mwana wankhanza. Ukupha galu ndi njala."

Anti nawo anabwera. "Chipinda chimenecho chinunkha. Mutulutse."

Aka kanali koyamba kuwamva akunena zofanana, ngakhale aliyense ankalankhula ngati mnzakeyo palibe. Ndinangokweza nyimbo pafoni.

Chinandipweteketsa ndi kusamba. Masana kunatentha, ine ndili thukuta lokhalokha ndi ubweya wa galu. Ndinati ndingothira madzi msangamsanga. Ndinakiya, ndinayesa chitseko, ndinapita. Pobwera, nditangotsegula, fungo la mafuta okazingira linandimenya pamphuno. Kaputeni anali ataimika miyendo yakutsogolo pawindo, akunyambita zitsulo. Windo ndinali nditalisiya lotsegula kuti apume. Pansi panali kachikopa ka soseji ndi timafupa ta nkhuku, mimba yake ili ndii, itafufuma.

Ndinatuluka ndi chopukutira chomwecho.

"Ndani wachita zimenezi?"

Azakhali anali pakhonde akudula zikhadabo. "Ukufunsa ine? Funsa amene amadana ndi ubweya pamasofa awo."

Anti anali pasinki akutsuka chiwaya. "Kawauze kuti ena sangapirire kuona galu akudya nthawi yanga yamadzulo. Angafe."

Ndinanunkhiza manja a azakhali, soseji. Ndinayang'ana chiwaya cha anti, mafuta a nkhuku. Onse awiri, anthu inu, aliyense nthawi yake, pawindo limodzi.

Dzuwa litapendeka adadi anafika pa kagalimoto kotsegula kumbuyo, pamodzi ndi mwini galaja, bambo wamfupi wa ovolosi yothimbirira, tcheni ili m'manja. Ndinatsuka mbale, ndinatunga kapu imodzi. Ndinathiramo timadzi tofunda kuti mwina fungo limukope. Ndinamutulutsa Kaputeni.

"Idya, Kapu. Chonde idya. Ungolawa."

Anayenda pang'onopang'ono, mimba ikugwedera uku ndi uku. Ananunkhiza. Anatola kambulu kamodzi. Anayenda nako mpaka pamene anaima adadi, n'kukalavulira pansapato yawo. Kenaka anageya n'kugona chammbali.

Mwini galaja anaseka. "Uyu ndiye akuti sadya? Akuluakulu, uyu ndi nkhumba yovala chikopa cha galu."

Pamenepo ndinaphulika. Foni atenge, za mnyamata anene, zinalibenso ntchito. Ndinanena za kachitini ka majarini kuseri kwa thanki, za chiwindi cha pafoloko, za mazira, za buledi, za windo, zonse, osapumira. Azakhali anadzuka n'kuyamba kukuwa kuti mwana ameneyu ndi wabodza, amayenda ndi wokonza mafoni, mufunseni komwe amachedwa. Anti anati alamu ndi amene anayamba. Azakhali anawatembenukira, maso ndi maso, popanda kutuma munthu.

"Inu alamu, munabwera muno ndi kachikwama kamodzi, lero mukufuna ndi galu yemwe akugwadireni?"

"Bola ine ndinabwera ndi kachikwama. Inu munabwera ndi chiyani, kupatula kukamwa? Mwamuna anakuthawani mukuyesa n'chifukwa chiyani?"

Anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Adadi anangoima, akuyang'ana kambulu kali pansapato kaja. Atalankhula, mawu awo anali otsika, ndipo adadi akatsitsa mawu ndiye kuti zaipa.

"Ndiye kuti ine ndimadya nyemba, mukundiuza kuti chiwindi chatha, chikuthera mwa galu?"

Adadi anagwedeza mutu n'kupitiriza.

"Ndamva. Galu ameneyu ndiye ndodo imene mukumenyerana. Ndikuchotsa ndodoyo."

"Adadi, si chilungamo! Wolakwa si galu! Ndizimudyetsa ndekha, ndizidzuka m'mamawa, ndisiya makalasi owonjezera…"

"Uzikhala pawindo tsiku lonse? Ndipo za wokonza mafonizo tikambirana ndikabwera."

Ndinagwira lamba wa m'khosi ndi manja onse awiri. Adadi anandimasula zala chimodzichimodzi. Kaputeni analephera kudumphira m'galimoto, anachita kumunyamula awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, mwini galaja akudandaula msana. Anatenganso thumba la chakudya ndi mbale. Galuyo ankangogwedeza mchira, ankayesa akupita kokayenda. Galimoto itakhota pakona m'pamene anayamba kuuwa.

Ndinalowa m'nyumba osalira, sindinafune andione. Azakhali anakhala patebulo mbali iyi, anti mbali iyo, onse akupuma ngati athamanga. Tisanayatse n'komwe magetsi, foni yanga inalira. Achimwene. Ndinaiyang'ana ikulira, kenaka ndinaitsegula mokweza kuti aliyense amve, n'kuiika pakati pa tebulo.

"Wailesi! Ndaima penapake ndikupuma. Ndili ndi nkhani yabwino, andipatsa tchuthi mwezi wamawa. Mnyamata wanga ali bwanji? Tamuyandikitsa ndimve kuuwa."

"Funsani amene amamukonda kwambiri, achimwene. Ali pompano onse awiri."

Azakhali anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Anti anadzuka n'kukatsegula mpopi pasinki, popanda chotsuka.

"Halo? Halo? Kwachitika chiyani kumeneko?"

Ndinadikira. Madzi ankangotayika. Ndinatenga foni ija n'kuiika kukhutu.

"Wapita, achimwene. Adadi amupereka kugalaja. Anasiya kudya m'mbale chifukwa azakhali ndi anti amamupatsa…"

"Ima kaye." Kumbuyo kwawo ndinkamva malole akudutsa. "Sindikufunsa za azakhali. Sindikufunsa za anti. Galu ndinasiyira ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma foni inali itaduka kale.