Paphewa pa Agogo

Bwana Malole, munthu amene anayamba ndi wilibala n'kudzakhala ndi malole odutsa malire a mayiko, anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu chifukwa cha mdzukulu wawo. Kamtsikanako kankalirira kukwera paphewa, koma ndi chimimba chimene anali nacho, ngakhale kumanga nsapato kunkawathera mpweya.

Thupi linaphwa, masuti n'kukhala ngati obwereka. Adokotala anawachenjeza kuti tsopano thupi silizitenga kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, wokwanira m'zakudya, choncho azimwa mapiritsi tsiku lililonse ndiponso azibwera kudzayezetsa magazi ndi mafupa.

"Ababa, tsiku lakuchipatala lakudutsaninso," ankadandaula mwana wawo wamkazi.

"Iwe, amayeza odwala! Tandiona, akundiyesa mchimwene wako."

Chonsecho pagalaja palibe lole imene inkatuluka iwo asanasolole okha kawaya koyezera oyilo. Mdzukulu ankakhala paphewa, akuwerenga matayala mokweza.

Tsiku lina masana anawerama kuti amunyamule monga mwa masiku onse. Msana unangoti thyo! Anagwada pasimenti, mwanayo n'kumaseka poyesa ndi masewera.

Adokotala anawaonetsa chithunzi cha mafupa opyapyala, odyeka mkati ngati thabwa lachiswe. "Tiwalimbitsa pang'onopang'ono, bambo, koma zonyamula iwalani."

Atabwerera kugalaja ndi lamba wamsana, mdzukulu anawathamangira atakweza manja.

"Agogo, ndikwere!"

Anayang'ana timanjato. Kenaka anakodola dalaivala wina.

"Tamunyamula. Umugwire miyendo yonse, amakonda kudumpha akaona lole yofiira."