Supuni ya Mang Engkos m'Dera Lofiira

Mu mzinda wa Bandung muno wogulitsa chakudya m'tinjira sadziwika ndi nkhope ayi, amadziwika ndi kulira kwa ngolo yake. Wokazinga mpunga amagogoda chiwaya, wa nyama yootcha amangokuwa ngati waponda minga. Mang Engkos yake inali supuni (Mang ndi mmene kuno amaitanira wogulitsa wamwamuna aliyense, ngati kunena kuti amalume). Ankaimenya m'mphepete mwa mbale yadothi yojambulidwa tambala, ting'i-ting'i-ting'i, kenako zii pang'ono, kenako ting'i kamodzi, ngati munthu amene wakumbukira chinthu ali kale pakhomo. Amayi a m'kanjira ka Kenanga akangomva choncho ankasiya zochapa, n'kutuluka aliyense mbale yake ili m'manja, kuti akawathiriremo bakso, timipira tija ta nyama ya ng'ombe tosambira mu msuzi wotentha.

Anayamba kukankha ngolo imeneyo tsitsi lili lakuda bii, ndipo lamulo linamupeza litayera. A khonsolo anagawa mzinda m'mitundu. Dera lobiriwira, gulitsa mmene ungafunire. Lachikasu, gulitsa pa nthawi yake. Lofiira, ngolo isapondeko n'komwe. Kanjira ka Kenanga kanagwera kofiira chifukwa kamatulukira pachipata cha chipatala, ndipo tinene zoona, a khonsolowo sanali amisala. Ngolo zinkachulukadi pamenepo mpaka ambulansi inkalira ngati mwana wamasiye, osapeza podutsa. Engkos yemwe ankadziwa zimenezi. Koma kudziwa sikukhutitsa mimba ya munthu.

Mavenda onse a kumeneko anawasamutsira m'shedi yatsopano, tsidya lina la msewu waukulu, kuseri kwa mlatho wa oyenda pansi. Shediyo inali yabwino, osanama: denga lamalata, mpopi wamadzi, simenti yosalala, chimbudzi chokhala ndi chitseko. Chosowa chinali chimodzi chokha, anthu. Engkos ankakhala pampando tsiku lonse kuyang'ana nthunzi ikutuluka mumphika, msuzi ukuphwa, timipira tikuuma. Supuni inali m'thumba la malaya, koma sankaitulutsa. Kugogoda mbale uli chikhalire pamalo amodzi ankakuona ngati chiyambi cha misala.

Mkazi wake, Iroh, ndiye anayamba kutopa.

"Abambo a Lilis, bakso wa dzulo tadya, wa dzana tinadya. Mwana wayamba kuoneka ngati kampira ka nyama. Achimwene kumudzi akuti munda wa kabichi ukusowa manja."

"Ine ndi kabichi tinasudzulana kalekale."

"Ndiye mukabwererana. Ndalankhula ndi Pak Sobari, bambo uja amene amagula ngolo. Abwera Lachisanu akatuluka mumzikiti."

"Wagulitsa ngolo yanga ine ndili moyo?"

"Ndagulitsa chiyani? Ndangoti abwere aione. Kapena mukufuna tidikire mpaka matayala aphwe okha?"

Iroh sanali mkazi wankhanza. Ndi iye amene ankadzuka kusanache kukanda nyama ndi ufa mpaka zala kuuma, ndi iyenso amene madzulo ankaona ntchito ya manja ake ikubwerera kunyumba osakhudzidwa. Kubwerera kumudzi kunatanthauza kuti Lilis, mwana wawo yekhayo, asiye sukulu yake ya unamwino ili pakati. Onse awiri ankadziwa, n'chifukwa chake panalibe amene ankatchula.

Lachisanu linafika ndi mvula yowaza, mvula yeniyeni ya bakso, yoti kale mphika ukanauma dzuwa lisanapendeke. Atachoka kumzikiti, Engkos anaima pambali pa ngolo yake kushedi kuja n'kuona kuti mtima sungamulole kumva munthu wina akuinyoza kuti atsitse mtengo. Anatenga mbale yake yogogoda ija, yobenthuka kukamwa, tambala wake atafufuta.

"Iyi sili pamalonda," anauza Iroh. "Ndikaisiye kunyumba. Zinazo ukambirana nawo wekha."

"Thawani, thawani. Amuna mumatero."

Chisamukireni, Engkos ankazungulira njira yaitali popita kwawo, kuopa kudutsa m'Kenanga. Manyazi ake anali oti anthu amuone akuyenda manja ali lende ngati mlendo. Koma tsiku limenelo anati, poti ndikupita kukalima kabichi, ndikaone kanjirako komaliza. Anakwera mlatho, n'kutsikira tsidya lofiira.

Kanjira kanali koyera, kotakasuka, kachete ngati nyumba ya maliro atabalalika anthu. Anadutsa pa telala, anadutsa pa geti lobiriwira pamene tayala lamanzere linkakonda kutitimira. Miyendo inkadziwa yokha pochepetsa liwiro. Ndipo dzanja nalo, pokhala silinauzidwe za lamulo, linalowa lokha m'thumba. Engkos anangodzidzimuka atamva: ting'i-ting'i-ting'i. Zii. Ting'i.

Anaima, n'kuyang'ana supuniyo ngati yamuluma chala.

Chitseko choyamba chinatseguka ndi chiphokoso. Munatuluka mtsikana wapakati, Yayah, mimba patsogolo, mbale m'manja, nsapato phazi limodzi lokha. Kenako mkazi wa telala. Kenako wina, ndi wina, mpango atangouponya kumutu mokhota, aliyense ndi mbale yake, ena mpaka ziwiri. Anamuzungulira, maso akufunafuna kumbuyo kwake.

"Mang! Muli moyo?" anakuwa Yayah. "Ngolo ili kuti? Ine mwanayu wandivutitsa, sakufuna china koma msuzi wanu. Mwamuna wanga wazungulira mzinda wonse, chilichonse chimene wabweretsa ndalavula."

"Mupatseni njira gogo!" wina anatero.

Anali Mak Onah, agogo a pakona, amene maondo anawakana kalekale. Anabwera atatsamira khoma, mbale yawo yachitsulo ili m'manja.

"Iwe Mang iwe," anatero akupuma mwabefu, "ife tinangotsala pang'ono kukuchitira sadaka. Munthu kungosowa ngati utsi? Thira msanga, tsabola wambiri, anyezi usaumire ngati masiku aja."

"Mak, pepani," anatero Engkos. "Ndilibe kanthu. Dzanja langondipusitsa. Ngolo ili kushedi."

"Shedi iti?"

"Ya a khonsolo, kuseri kwa mlathowu."

Amayi anayang'anana. Mkazi wa telala anawomba m'manja.

"Pamphuno pomwepa? Ife kumaona malata aja timati ndi mosungira njinga zamoto!"

"Simunafunse?"

"Tikanafunsa kuti chiyani? Kuti tikufuna Mang? Mzinda wonsewu ndi a Mang okhaokha. Tikanati tikufuna Mang wa ting'i wotsalira uja?"

Onse anaseka, koma Engkos zinamulasa mumtima. Iye masiku onsewa ankagona ndi chisoni choti anthu amene anawadyetsa kuyambira ali ana amutaya ngati chikopa cha nthochi. Chonsecho iwo ankangodikira kuseri kwa zitseko, makutu ali tcheru, iye ali chete tsidya linalo kusunga ulemu wake.

Chisekocho chisanathe, kunamveka nsapato zolemera zikuthamanga m'matope. Anali mlonda wa khonsolo, mwamuna wamasharubu ochepa, dzina lake Rustandi, amene ankayang'anira chipata cha chipatala. Nayenso anali atamva supuni. Anafika ali wefuwefu, n'kudutsa pakati pa amayiwo.

"Ngolo ili kuti?"

"Kulibe, Pak," anatero Engkos.

"Musandiputse, Mang. Ndamva ndi makutu angawa."

Anasuzumira kuseri kwa geti. Anavundukula lona imene inaphimba njinga yamoto ya telala. Anayang'ana mpaka m'ngalande.

"Muyang'anenso m'thumba mwake, Pak," anatero Yayah. "Mwina waipinda."

"Kapena pansi pa nsalu yangayi," anatero Mak Onah. "Bwera, mwana wanga, usaope."

Rustandi makutu anatentha. Anakonza chipewa chake, n'kuyesa kuumitsa nkhope.

"Kuno n'kofiira. Kugulitsa n'koletsedwa."

"Wagulitsa chiyani?" Mak Onah anamuonetsa mbale yawo. "Ona. Muli chiyani umu? Madzi a mvula. Ukamumange chifukwa cha mvula?"

"Akuitanira malonda, Mak."

"Nanga anyamata a njinga zamoto aja, ovala majekete, amene amabweretsa chakudya muno kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Dzulo lomweli wina anakubweretsera iwe mpunga pachipata paja, ndinakuona ndili pawindo. Iwowo amaitanidwa ndi foni. Uyu foni yake ndi supuni. Kusiyana kwake n'kotani?"

Apa Engkos mutu unayamba kugwira. Anayang'ana mbale zonse zija zili m'mwamba, zopanda kanthu, kenako anayang'ana mlatho. Sunali patali. Iye amene anakankha chingolo cholemera, mphika ndi gasi ndi madzi, kukwera zitunda za mzinda uno mpaka msana kupindika, angalephere kunyamula thireyi?

"Pak," anatero mofatsa, "ndifunse bwino, ndisalakwe. Ngolo ikakhala kushedi, moto kushedi, ine n'kumadutsa muno wapansi, kutenga mbale za amene sangathe kuyenda, kukathira uko, n'kubweretsa. Ambulansi nditsekereza?"

Rustandi anakanda chibwano. Sanali munthu woipa, anali munthu woopa kuchotsedwa ntchito, ndipo anthu otere amaganiza pang'onopang'ono.

"Ine anandiuza za ngolo, mipando, matebulo ndi moto," anatero pomaliza. "Za miyendo yanu ndi supuni yanu sanandiuze kanthu. Ndikafunsa akuluakulu. Akakana, ndidzakuuzani ndekha, ndipo mudzasiya."

"Ndidzasiya, Pak."

"Koma musaime pachipata."

"Sindiimapo."

Mkazi wa telala anali atalowa kale m'nyumba n'kutulutsa thireyi yaikulu ya pa ukwati wake. Anasanjapo mbale ya Mak Onah ndi za ena okalamba. Engkos sanafunikire kufunsa kuti iyi ndi ya yani, kapena kuti mwini wake amadana ndi chiyani. Otsalawo anati sadikira, apita okha akaone malo amene munthu wawo anabisala. Anatsegula maambulera, ulendo unayambika, Engkos patsogolo ndi thireyi, amayi pambuyo ndi mbale zawo, anthu a m'galimoto akutukula makosi kuona ngati ndi chionetsero.

Ali pamwamba pa mlatho, Yayah anaima kuti apume, dzanja lili m'chiuno.

"Mang, dzina lanu lenileni ndani? Kuti mukadzasowanso tidzadziwe pofunsira."

"Engkos," anatero. Analitchula motsitsa, ngati la munthu wina.

"Mang Engkos," anabwereza Yayah, n'kutembenukira anzake. "Mwamva? Sungani, ine mutu wanga masiku ano ndi wa mwanayu."

Kushedi anapeza Pak Sobari atafika kale. Anali atanjuta, akugogoda matayala ndi chala, nkhope ataikwinya dala ngati wanunkhidwa. Iroh anali atazimitsa gasi, ataima pambali manja atapinda pachifuwa, maso ali ofiira. Mavenda ena, amene ankasinza pamipando yawo, anadzuka mmodzimmodzi atamva phokoso la amayi likulowa pansi pa malata.

Iroh anayang'ana mwamuna wake, wonyowa chonchi, atanyamula thireyi ya eni ake. Anayang'ana mzere wa mbale kumbuyo kwake.

"Abambo a Lilis, anthuwa mwawatenga kuti?"

"Anali m'nyumba zawo."

"Nthawi yonseyi?"

"Nthawi yonseyi."

Iroh anafuna kukalipa, anafuna kulira, koma mkazi amene wakhala pa mphika moyo wake wonse salira anthu anjala ataima patsogolo pake. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, anawerama, n'kuyatsa gasi. Moto unalilima pansi pa mphika. Amayi ena, poona kuti msuzi uchedwa kuwira, anayamba kuyendayenda m'shedimo, uyu kwa wa nthochi zokazinga, uyu kwa wa madzi a nzimbe, akukuwa mayina a zakudya ngati apeza abale otayika.

Pak Sobari anadzuka, akupukuta manja pa thalauza.

"Mayi, nanga nkhani yathu ija? Tayala lamanzereli ndi lotha, koma poti ndinu anthu abwino..."

Iroh anali atagwira kale chipande, akuvundula msuzi, maso ali pa timipira timene tinayamba kuyandama.

"Pak," anatero osatembenuka, "ngati muli ndi mbale, mzere wayambira uko. Ngati mulibe, tasunthani, mwatsekereza mayi woyembekezera."