Mwana Wobwera ndi Chipumi

Matenda a kubereka anamuyamba Linily m'mawa, akusenda chinangwa pakhonde kwawo ku Manyamula. Kunada, kunacha, mwana osatsika. Apongozi ake, anyaJere, sanavutike n'kuganiza. Kwa iwo mwana akakanirira m'mimba ndiye kuti mayi wake anayenda ndi mwamuna wina, ndipo mankhwala ake n'kuulula basi. Mwamuna wa Linily, Zondwayo, anali ku Joni. Anangobwera pa Khirisimasi n'kubwerera.

"Yowoya, mwana wane," anatero anyaJere. "Tchula dzina, mbwenu mwana atuluka."

"Ndapota amama, ndiperekezeni kuchipatala. Palibe mwamuna wina."

"Tipita ukaulula."

Amayi atatu anamuzinga pamphasa, aliyense ndi funso lomwelo. Zowawazo Linily akanapirira. Chinamuopsa n'choti mwana amene ankakankha usana ndi usiku tsopano ankangogwedezeka mwa apo ndi apo. Dzina labwino n'chiyani pamaso pa mwana? Anatseka maso natchula Stafford wa pagolosale, munthu amene ankangomugula sopo.

Amayiwo anapumira m'mwamba ngati atula mtolo. Koma m'malo mothamangira galimoto, anakhalanso pansi kudikira kuti kuululako kugwire ntchito. Pikapu anaiitana dzuwa litapendeka.

Kuchipatala cha ku boma anawalandira namwino Mtisunge, wa ku Dedza. Atamupima Linily, nkhope ya namwinoyo inagwa.

"Amayi, mwanayu watsogoza chipumi m'malo mwa liwombo," namwinoyo anauza anyaJere. "Sanaweramitse mutu, ndiye sangadutse ngakhale mutadikira sabata. Ameneyu ndi wa opaleshoni. Munachedwa kuti?"

"Ankakana kuulula chomene."

"Kuulula chiyani? Zimenezi zimangochitika, palibe walakwa."

Anamuthamangira naye kuchipinda cha opaleshoni. Madokotala anachita mbali yawo, ndipo Linily anamupulumutsa. Mwanayo, wamwamuna, anatuluka ali zii, atafa kale.

Linily atatsitsimuka anapeza apongozi ake atakhala pambali pa bedi, kamtolo ka chitenje kali pamiyendo. Foni yopita ku Joni, yonena za kuulula kuja, inali itaimbidwa kale ali m'njira, ndipo Zondwayo anayankha kuti mkaziyo akachira apite kwa makolo ake. Linily anamva zonsezo, koma mtima wake unali pa kamtoloko.

"Ndimuoneko," anatero.

AnyaJere anavundukula monyinyirika, iwonso kanali koyamba kuyang'ana. Chipumi chinali chitatupa, koma mphuno, makutu ndi kachibwano zinali za Zondwayo osachotsera.

Linily anamva chisoni chomwe sanachimvepo chibadwire. Anatsegula pakamwa kuti alire.

"Mtayo salira, mwana wane," ananong'ona anyaJere, misozi yawo ikudontha pachitenje.