Gawo la Amayi

Makina osokera atangosiya kulira, Mzime nayenso anasiya kutafuna. Anangoti duu pampando, tsaya litatupa ndi buledi, maso ali kwa mlongo wake Chisamba. Mayi wake, amene mumsewu wonsewo ankamudziwa kuti Telala, anali ataimitsa phazi kuti alowetse ulusi pasingano. Atapondanso makinawo, nsagwada za mwanayo zinayambiranso ntchito.

Telala anayesa dala kachiwiri, kenako kachitatu. Akaimitsa, mwana waima. Akaponda, mwana watafuna. Panali patatha masiku asanu ndi limodzi chiikire mwamuna wake m'manda, ndipo aka kanali koyamba kuti chinthu chimuseketse. Anamufunsa mwanayo ngati wayamba kudya motsatira makina. Mzime, wa zaka zisanu, anameza kaye n'kuyankha mosakayika.

"Ndi lamulo la adadi."

Pansi pa tebulo panamveka phazi likugunda mwendo. Chisamba, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, anadzuka mofulumira mpaka kutaya tiyi, n'kumukokera mlongo wake kubafa, akuti akamutsukitse mano. Kuseka kuja kunamuthera Telala pakhosi. Mwana wakeyo ankamudziwa bwino: sankathamangira mswachi popanda kukalipiridwa.

Malemu anali wokonza mawailesi ndi ma TV, munthu wanthabwala, wokondedwa ndi aliyense mpaka agalu a eni ake. Zaka zinayi zapitazo anamupeza ndi matenda a shuga. Tsiku lomwelo Telala anatenga botolo la shuga n'kukapereka kwa aneba, ndipo m'nyumbamo simunalowenso jamu, switi kapena chakumwa chotsekemera. Sikuti zinali zophweka. Iyeyo ndi amene ankathira masipuni atatu mu tiyi n'kunyambita sipuniyo, mpaka mwamuna wake, akumufunsira, anamupatsa dzina loti Kanyerere. Koma anaona kuti n'kulakwa kumwa zokoma mnzake akumwa zowawa, ndiye anasiya onse awiri. M'mawa uliwonse ankamwera limodzi tiyi wowawa, mwamunayo akumusisita pamsana n'kumati mkazi ngati ameneyu sapezeka kawiri.

Ndiye tsiku limene mwamunayo anagwa kuntchito, dokotala anawaitanira pakhonde la chipatala Telala ndi mlamu wake, mlongo wa malemu. Ananena kuti shuga ameneyu sanakwere lero kapena dzulo, wakhala ali m'mwamba kwa nthawi yaitali. Kenako anafunsa funso limene linamubaya Telala kuposa singano: kodi munthuyu kunyumba ankadya chiyani?

Mlamu analitola funsolo n'kuliika m'chikwama. Chichokereni kumanda anali asanabwerere kwake. Ankagona pabalaza, ndipo aliyense wobwera kudzapepesa ankamulandira ndi nkhani imodzimodzi: mkazi akakwatiwa ndi makina, mwamuna amadya zimene wapeza. Sankatchula dzina, koma m'nyumbamo munali makina amodzi okha. Telala ankamva zonsezo ali kukhitchini, mtima ukuwira. Ankalakalaka atapeza chinthu chogwirika, choti achiike patebulo pamaso pa mlamu wakeyo ndi abale onse, kuti aone kuti iye sanaphe munthu ndi mphika.

Madzulo amenewo mawu a Mzime anakana kumuchoka m'mutu. Ntchito yogoneka ana inali ya malemu. Ikakwana hafu seveni ankawatenga onse awiri, mmodzi paphewa wina padzanja, n'kumuuza mkazi wake kuti asoke mwamtendere. Telala ankadzitama nazo kwa amayi anzake obwera kudzayesa madiresi, kuti wake ndi mwamuna wogoneka ana. Chimwalirireni bamboyo, Mzime ankalira pogona, koma Telala tsopano anakumbukira kuti kulirako kunkatha iye akangobwerera pamakina.

Ana atalowa kuchipinda, anatembenukira kwa mlamu wake n'kudandaula kuti phazi latupa, pomwe mayunifolomu akufunika sukulu isanatsegulidwe. Anamupempha kuti amusokereko mpendero wa siketi imodzi, mzere wowongoka basi. Mlamu sanali munthu wovomera kuti pali chimene sadziwa. Ananena kuti iye anayamba kusoka Telala asanamere mano, n'kukhala pampando. Makina anayamba kulira, mopupuluma ngati galimoto yophunzirira.

Telala anavula masilipasi n'kuyenda chopanda phokoso m'kanjira ka kuchipinda. Chitseko chinali chotsekedwa mosakhoma. Anachikankha pang'ono.

Pamwamba pa kabati ya ana panali wailesi yakale yamatabwa, imene malemu ankati adzaikonza akadzapeza zipangizo. Zaka zinayi Telala ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse. Tsopano Chisamba anali ataima pampando, atatsegula kumbuyo kwake. M'katimo munalibe waya ngakhale mmodzi. Munali mapaketi awiri a mabisiketi okhala ndi kirimu pakati, ndi mapepala ambirimbiri a amene anadyedwa kale, opindidwa bwinobwino monga malemu ankapindira malisiti. Mzime anali chikhalire pabedi, manja atatambasula, akudikira.

Chisamba atacheuka, paketi inagwa. Sanathawe, sananame. Anatsika pampando n'kuima atagwira m'mphepete mwa diresi lake, ndipo nkhani inatuluka yokha, ngati kuti yakhala ikudikira pakhomo. Zinayamba Mzime ali wakhanda, pamene Chisambayo ankadandaula njala pogona. Adadi ananena kuti mwana sagona ndi m'mimba mopanda kanthu, ndipo anabweretsa kabisiketi kamodzi. Kenako linakhala lamulo. Makina akamalira, tsegulani ndi kutafuna. Makina akaima, pakamwa paime. Nyenyeswa zikagwa pabedi, tolani ndi chala chonyowa. Mukatha, tsukani mano ndi madzi a m'botolo, amayi angamve mpopi.

Telala anafunsa kuti bambo awo ankadya angati. Chisamba anati ana ankalandira imodzi imodzi, otsala ankamaliza adadi. Paketi inkatha masiku awiri, nthawi zina tsiku limodzi. Anafunsanso kuti ankagula kuti, popeza mayi wa pagolosale ya pakona akanamutsina khutu. Apa mtsikanayo anati adadi ankaopa zomwezo, ndiye ankamutuma iyeyo, akamaweruka kusukulu, kugolosale ya kuseri kwa malo okwerera basi, kumene sankawadziwa. Ankabisa m'chikwama, pakati pa mabuku. Adadi ankamutcha msilikali wawo, ndipo ankati msilikali saulula.

"Amayi, ndinamva zimene adokotala ananena, azakhali akuuza anthu," anatero Chisamba motsitsa mawu. "Usiku womaliza uja anadya paketi yonse. Ndinagula ndine. Ndiye kuti ndawapha ndine?"

Telala anakhala pansi pabedi. Chisoni chimene anali nacho masiku asanu ndi limodzi chinasanduka mkwiyo, ndipo anaumva ukukwera mpaka m'makutu. Munthu uja anamupusitsa. Ankamwa naye tiyi wowawa m'mawa, akumuyamikira, pakamwa pake pakadali fungo la kirimu wa dzulo. Anamusandutsa wapolisi wa m'nyumba yake yomwe, wopimira anthu chakudya, pomwe iye anali bambo wabwino wobwera ndi zokoma. Ngakhale phokoso la makina, thukuta lake lenileni, analisandutsa chotchingira. Zonsezo mwina akanakhululuka tsiku lina. Koma kutuma mwana, kumusenzetsa chinsinsi cholemera chonchi n'kumusiya nacho yekha, chimenecho chinamupweteka kuposa imfayo. Akanakhala kuti manda ali ndi chitseko, akanapita kukagogoda madzulo omwewo.

Anatola paketi ija. Chinthu chogwirika chimene ankachifuna chija chinali m'manja mwake tsopano, pamodzi ndi wailesi yodzaza mboni.

Nthawi yomweyo makina anaima. Mzime anatseka pakamwa ngakhale munalibe kanthu. Mapazi olemera anamveka m'kanjira, ndipo Mlamu anatulukira pakhomo, akudandaula kuti ulusi wapota mfundo chifukwa makinawo ndi osasamalidwa. Kenako anaona chimene chinali m'manja mwa Telala. Anayang'ana paketiyo, n'kuyang'ana mapepala amene anali kusuzumira m'wailesi, ndipo nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wapeza ndalama m'thumba la malaya akale.

"Ndimanena ine," anatero pang'onopang'ono. "M'nyumba ya munthu wa shuga. Mchimwene wanga akanapirira bwanji, zinthu zili pamphuno pake? Wakhala akugula zimenezi ndani, alamu?"

Yankho linali lokonzeka palilime la Telala, ndipo linali lokoma. Akanangonena kuti mchimwene wanu woyera mtimayo, n'kumuuza za lamulo la makina, Mlamu akananyamula chikwama chake mawa m'mamawa. Koma Mlamu sanali munthu wosiya nkhani pakati. Akanafunsa kuti ankagula kuti, nthawi yanji, ankamubweretsera ndani. Pofika Lamlungu, abale onse ndi msewu wonse akanadziwa za mtsikana wa chikwama cha mabuku, ndipo dzina limenelo likanamutsatira mpaka kukula. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Telala anaona Chisamba akukoka mpweya, akutsegula pakamwa kuti adzipereke.

"Ndine," anatero Telala. "Ndimagulira ana anga kuti asagone ndi njala. Iwe Chisamba, khala pansi."

Mlamu anawomba m'manja kamodzi. Ananena zambiri, zina zoti sizinenedwa pamaso pa ana, ndipo anamaliza ndi kulonjeza kuti abale onse amva lero lomwe. Telala anangomuyang'ana mpaka anatuluka. Posakhalitsa anamumva ali pakhonde, akuimba foni, mawu atakwera ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya kwa msewu. Telala anadziwa kuti dzina limene wadzipatsa madzulo amenewo sadzalivulanso, ndipo zinamuwawa kwambiri kuti akulivalira munthu amene anamunamiza zaka zinayi.

Anatseka chitseko n'kumukoka Chisamba kuti akhale pambali pake. Anamugwira chibwano kuti amuyang'ane m'maso.

"Tamvera. Iwe sunaphe munthu. Mwana akatumidwa, mlandu ndi wa womutuma. Bambo ako anali munthu wamkulu, wa nzeru zake ndi mano ake, ndipo ankadziwa chimene akuchita. Analakwa kukutuma. Ndimawakonda, koma analakwa. Wamva?"

Chisamba anagwedeza mutu, kenako analira kulira kumene sanalire kumanda. Anafunsa mosisima chifukwa chake amayi ananamiza azakhali. Telala anati zimenezo ndi za akuluakulu, iye azingoganiza za sukulu.

Mzime, amene nkhani zonsezi zinkangomudutsa pamutu, anaona kuti nthawi ikutha. Anasolola paketi ija pamiyendo ya mayi ake n'kuyamba kuyala mabisiketi pabulangeti, mosamala, lilime lili kunja. Anayala anayi. Analoza ndi chala kuti iyi ndi yake, iyi ya achemwali, iyi ya adadi, iyi ya amayi.

"Ya amayi?" anafunsa Telala.

"Eee. Tsiku lililonse. Adadi amati tisamaiwale amayi, amatigwirira ntchito." Mwanayo anaganiza kaye. "Kenako amakudyerani. Amati inu zotsekemera simukonda."

Telala anamva ngati aseke, ngati atukwane, ndipo zonse ziwiri zinamukanika. Mzime anatenga bisiketi yachinayi ija ndi zala ziwiri. Anagwada pabedi, n'kuikweza m'mwamba moyang'ana khoma limene kuseri kwake kunali makina, n'kuweramitsa mutu pang'ono. Anakulitsa mawu kuti afanane ndi a bambo ake.

"Zikomo, Kanyerere."

Anatsala pang'ono kuiponya m'kamwa, koma anaima. Anayang'ana khoma lija, lomwe linali zii, kenako anayang'ana mayi ake amene anali pompo. Anatambasula dzanja n'kuwapatsa.

Telala anailandira. Anailuma, ndipo kutsekemera kwake kunamulasa m'mano mpaka misozi inalengeza. Ana onse awiri anamuyang'ana mwamantha, chifukwa makina sankalira. Iye anapitiriza kutafuna, pang'onopang'ono, mokweza, mpaka anaimaliza.