Chipatala cha Nthochi cha pa Zalewa

Ine Fackson ndayenda. Ndinagulitsapo matayala ku Joni, ndinadyapo nsomba ku Dar es Salaam, ndipo ku Dubai ndinakwera nyumba yaitali mpaka makutu anatseka. Choncho mlongo wanga Prisca atandiimbira foni kuti kampani yake ikufa, ndinangoti, “Usalire, dokotala wa mabizinesi akubwera.”

Prisca anaphunzira sayansi ya zomera. Pa Zalewa anali ndi chipinda chomeretsera mbande za nthochi m'mabotolo, zopanda chisaka, matenda aja amene anapinimbiritsa nthochi m'minda yambiri. Koma ogula kunalibe. Kwathu kuno mwana wa nthochi sagula, amakapempha kwa mnansi. Mvula inali pafupi kutha, ndipo mbande zikanapanda kupita kumunda, Prisca akanatseka chitseko n'kukasaka ntchito ku Blantyre.

“Vuto ndi maonekedwe,” ndinamuuza. “Dzina lakuti Prisca Mbande likumveka ngati benchi ya tomato.”

Ndinapaka khoma penti yoyera ndi yabuluu. Pachikwangwani ndinajambulitsa makina oonera tizilombo, pansi pake Zalewa Bio Lab. Tonse awiri tinavala zikhotho zoyera. Pakhonde ndinaikapo benchi, monga amachitira ku Dubai.

M'mawa mwake benchi inadzaza. Ndinamugunda Prisca ndi chigongono. “Waona?”

Woyamba kulowa anali mayi wina, a Stelia, mwana ali kumsana.

“Adokotala, wagona akutentha thupi. Mumuyeze malungo.”

“Mayi, kuno timayeza nthochi.”

“Nthochi? Ndiye chikhotho choyeracho mwavaliranji?”

Wotsatira anali ndi dzino, wina anafuna sikelo ya mwana. Prisca anawalozera njira ya kuchipatala chenicheni, kenako n'kunditembenukira.

“Achimwene, ku Dubai kuja munkapita kukaphunzira kapena kukajambulitsa?”

Pabenchi panatsala bambo mmodzi wachikulire wa ku Matope, a Stefano, chipewa chili pabondo.

“Ine sindikudwala,” anatero. “Koma ndamva mwati nthochi. Zanga zafupika, masamba aima ngati tsache. Nazonso mumaziona?”

Prisca asanatsegule pakamwa ndinayankha ndine. “Bambo, mwafika. Chino ndi chipatala cha nthochi. Kabweretseni wodwalayo.”

Masana anabwera nayo nthochiyo panjinga, ataikulunga m'chitenje. Ndinaigoneka patebulo mwaulemu. Prisca anaiyeza n'kunena kuti ndi chisaka, ndipo phata lonse liyenera kuzulidwa. A Stefano anagwedeza mutu, koma sanadzuke.

“Nanga mankhwala?”

“Chisaka chilibe mankhwala, bambo,” anatero Prisca.

“Iai, mwana wanga. Munthu sachoka kuchipatala chimanjamanja. Akazi anga akaganiza kuti ndinakhotera kumowa.”

Apa m'pamene pamafunika munthu woyenda. Ndinatenga mbande zathu zija, n'kuziika m'jumbo.

“Mankhwala ndi awa. Mukazule zodwalazo, mukabzale izi patali ndi phata lakale. Zikaphuka mudzabwere nazo kusikelo.”

Analipira osanenerera n'komwe, chifukwa pa mankhwala munthu sanenerera.

Sabata isanathe, njinga zinkatsika kuchokera ku Matandani zitanyamula odwala m'zitenje. Mbande zinatha mvula isanathe, ndipo za ku Blantyre Prisca anasiya kuzitchula. Chikwangwani ndinachisinthanso, tsopano chimati Chipatala cha Nthochi.

Prisca amauza anthu kuti nzeruyi anabwera nayo ndi a Stefano panjinga. Ndimangomusiya. Sanakwerepo ndege mwanayu.