Ampulifaya ya Abambo Ake a Nawaya

Sitiroko itawagwira bambo ake a Nawaya, inatenga zinthu ziwiri zimene ankadyera: dzanja lamanja ndi mawu. Munthu amene anakalambira m'mabandi akuimba gitala anabwerako kuchipatala akukoka mwendo, mkono uli lende, pakamwa patangotsala liwu limodzi, "eya". Ukawafunsa ngati akufuna tiyi, eya. Ukawafunsa ngati tiyiyo wawakwana, eya.

Mwana wawo wamkazi anthu ankangomuti Nawaya, chifukwa cha kashopu kake kokonzera mawailesi ndi maampulifaya. Luso limeneli anaphunzirira pa ampulifaya ya bambo akewo, chibokosi chothyola msana, chachikale, chokhala ndi mavalavu, timababu tagalasi timene timayaka mkati ndi kukuza mawu a gitala. Mdalayo ankaikonda kuposa nsapato zake za pa siteji, ndipo amene ankamudziwa akudziwa kuti pamenepa tanena zambiri.

Patapita miyezi ingapo, bambo aja anayamba kuiyatsanso. Ankaika gitala pamiyendo ndi dzanja lamanzere, n'kupotokola mabatani onse mpaka kumapeto, kenako n'kukhwekhwereza mpando kufupi ndi sipika. Poyamba inkachita phokoso ngati mafuta m'chiwaya, kenako kulira kwa pansipansi kogwedeza magalasi a mawindo. Pamapeto pake pankabuka mluzu wautali wolasa m'makutu. Ukangoyamba, mayi ake a Nawaya ankanyamula beseni la zochapa n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina mayiwo anamuitanitsa Nawaya.

"Mwanangu, chinthu cha abambo akochi chawonongeka. Chikungolira ngati galu womangirira. Aneba ayamba kundipatsa moni akuyang'ana kumbali. Iwe ukukonzera anthu a m'tauni monse, kwanu kuno ayi?"

Nawaya analowa kuchipinda n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Ababa, ndiitenge ndikaikonze?"

"Eya."

Ankadziwa bwino kuti eya wa bambo ake alibe mbali, koma munthu amamva zimene wabwera kudzamva. Pozula chingwe cha gitala anaona kuti mdala wachigwira zolimba. Anawamasula zala chimodzichimodzi, mwaulemu, akuwauza kuti asade nkhawa, sichedwa nayo.

Kushopu anaiika pa tebulo, n'kuyamba watulutsa moto wotsalira m'makapasita, tizitini tosunga magetsi, poti makina amenewa amaluma ngakhale uli utawazula kukhoma. Ataiyatsa anagogoda mavalavu ndi pensulo. Kavalavu kakang'ono koyambirira kanalira ngii m'sipika, umboni woti kalema, kakutola kanjenjemera kalikonse. Mavalavu akuluakulu awiri akumbuyo anali atayamba kufiira m'mimba. Ataika mita yoyezera moto anapukusa mutu. Bayasi, kasikuluwu kosinthira moto wodutsa m'mavalavu, inali yotentha zedi, mmene bambo ake ankaikondera masiku awo, pamene ankati gitala wozizira ndi wa kumaliro.

Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse, ndipo tisamunamizire ulesi kapena mwano. Mkono wa bambo ake unamukanika, lilime lawo linamukanika, madokotala nawo anangogwira pakamwa. Koma ichi chinali chinthu cha bambo ake chimene iye akanatha kuchiritsa. Anasintha kavalavu kolema kaja n'kukaponya m'katoni ya zinyenyeswa. Anawotcherera mawaya olendewera. Anabweza bayasi mpaka singano ya mita inakhala pabwino. Ndiye kuti mayi ake apume, anawonjezera kachitsulo kochepetsa mphamvu, kuti ngakhale munthu atapotokola mabatani mpaka kumapeto, mluzu uja usabukenso. Ataiyatsa komaliza anayandikiza khutu ku sipika. Kunali zii. Anadzimva kuti ndi mwana wa phindu.

Ataibweza, bambo ake sanadikire n'komwe kuti apukute thukuta. Analumikiza gitala, anapotokola mabatani, anakhwekhwereza mpando. Zala zamanzere zinakanikiza nsambo, mdala n'kupendeketsa mutu ngati wodikira mlendo. M'sipika munangomveka ka tike kamodzi. Anasunthanso mpando, nasunthanso, mpaka gitala anakhudza nsalu ya sipika. Anadikira nthawi yaitali.

"Mwaona, bambo? Yakhala ngati ya m'sitolo," anatero mayi aja ali pakhomo.

Mdala anazimitsa ampulifaya n'kuyang'ana kukhoma.

Kuyambira pamenepo sanaiyatsenso. Ankadzuka dzuwa lili pamutu, chakudya n'kumangochikankhakankha m'mbale. Ngakhale eya uja anayamba kusowa. Mayi anayamba kunena zobwerera kuchipatala, ndipo Nawaya anachita mantha enieni, poona kuti bambo ake akuzima iye akuyang'ana.

Masana ena anabwera n'kuwapeza atagona chafufumimba. Posowa chochita, anakhala pa mpando wawo, n'kuyatsa ampulifaya kuti aone ngati mwina pali chimene anaiwala. Anakhwatcha nsambo ndi dzanja lamanja, mawu anatuluka oyera bwinobwino. Palibe cholakwika. Atatembenuka anaona kuti bambo ake atsegula diso, ndipo sakuyang'ana nkhope yake, akuyang'ana dzanja lakelo. Nawaya analiyang'ananso. Kenako analipinda kumsana, n'kukanikiza nsambo ndi lamanzere lokha.

Panamveka ka tike kaja, basi.

Zimenezi ankazidziwa, ndi ntchito yake, ankafotokozera oimba tsiku ndi tsiku. Ampulifaya ikakwezedwa kwambiri, mawu otuluka m'sipika amagwedeza nsambo, nsambo n'kubweza mawuwo mu ampulifaya, n'kumazungulira choncho osaleka. Woimba wa manja awiri amadana nazo. Koma kwa munthu wopanda dzanja lokhwatchira, mluzu umenewo ndiwo unkamukhwatchira nsambo, iye n'kumangosankha mawu ndi zala zotsalazo. Bambo ake anadzipezera dzanja lina, ndipo iye analidula, mwaluso, ndi mita yomwe.

Sanalire pamenepo. Anathamangira kushopu, n'kukhuthulira katoni ya zinyenyeswa pansi mpaka anakapeza kavalavu kolema kaja, kali bwino, kosasweka. Anabwerera ndi chikwama cha zida, ndipo ulendo uno anatsegulira ampulifaya m'chipinda momwemo, bambo ake akuona. Anachotsa kachitsulo kake kanzeru kaja, n'kubwezera kavalavu m'malo mwake. Pofika pa bayasi anaima, sikuludiraiva ili m'manja.

"Ababa, ndikaitenthetsa ngati kale, akuluakulu awiriwa sakhalitsa. Mwina chaka sichitha, ndipo amtunduwu akusowa masiku ano. Ndiisiye yozizira?"

Mdala anali atakhala tsonga pa bedi. Anatukula chala chimodzi n'kuloza kumwamba. Nawaya anapotokola, singano ikukwera, iye akuyang'ana chala. Chinatsika mavalavu atayamba kufiira m'mimba.

Anatseka bokosi n'kuwathandiza kufika pa mpando. Mafuta aja anayamba kuthetheka m'chiwaya, mawindo ananjenjemera, mluzu unabuka. Ulendo uno Nawaya sanatseke m'makutu, anayang'ana zala. Chala chapakati chinakankha nsambo m'mwamba, mluzu n'kukwera nacho. Chinatsetsereka, mluzu n'kutsika. Kanali kanyimbo kakafupi, kokwera kawiri n'kugwa kamodzi, ndipo mdala ankakabwereza mosatopa, maso ali kukhomo.

Mayi anatulukira manja ali thovu lokhalokha, nkhope ili gwa.

"Iwe, wachitanso chiyani? Si unati wakonza?"

"Amayi, musathawe. Taimani pang'ono, muyang'ane zala zawo."

Mayi anaima, makamaka chifukwa mwanayo anawagwira mkono. Kanyimbo kanadutsa kamodzi, kanadutsanso. Thovu linayamba kudontha pansi iwo osaliona. Nawaya anamva mkono uja ukufewa m'manja mwake.

"Ankandiimbira kameneka ali pa siteji, tisanakwatirane," anatero mayi, osayang'ana mwanayo. "Ine ndili kumbuyo kwa holo ndi anzanga. Kanali kondiuza kuti ndakuona, bwera kutsogolo kuno."

Anapukuta manja pa diresi pang'onopang'ono.

"Miyezi yonseyi, ine n'kumathawira kuseri ndi beseni."

Anayesa kulankhula kwa amuna awo, koma mawu anamira m'phokosomo. Ndiye anadutsa pakati pa zida za Nawaya zomwazika pansi, n'kukakhala pa mkono wa mpando, mbali ya dzanja lakufalo, pafupi ndi sipika penipeni pamene munthu sangapirire. Anaika pakamwa pa khutu la amuna awo.

"Ndabwera, bambo. Pepani, ndachedwa."